Mbusa Charles Chidongo Chinula ndi Nyimbo Zawo: Phunziro kwa Aphunzitsi a ku Chigwa cha Shire

Mwa anthu onse amene anapeka nyimbo za Mulungu m'dziko lino, dzina la Mbusa Charles Chidongo Chinula lili pakati pa maina oyamba kutchulidwa. Iwo sanali a ku Chigwa cha Shire ayi. Kwawo kunali ku Mzimba, ndipo nyimbo zawo anazipeka m'Chitumbuka. Komabe mbiri yawo iyenera kudziwika kwa mphunzitsi aliyense amene adzagwira choko ku Chikwawa kapena ku Nsanje, pakuti ikhudza funso lalikulu la chigwacho. Funso lake ndi ili: kodi nchifukwa ninji anthu a dera limene Uthenga unayamba kupondapo, anthu odziwika ndi luso la kuimba, alibe maina a ana awo m'mabuku akale a nyimbo za m'tchalitchi monga alili nawo anzawo a kumpoto? Kuti yankho lipezeke, nkofunika kuona poyamba njira imene nyimbozo zinadzera.

Khomo la Shire

Mtsinje wa Shire ndiwo unali khomo la dziko lino. M'mwezi wa Januwale 1859 Dotolo David Livingstone anakwera mtsinjewu ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ma Robert, nafika kufikira pa mathithi a kumtunda kwa Chikwawa. Mu 1861 anabwera ndi amishoni a U.M.C.A. otsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, amene anakamanga ku Magomero. Bishopuyo anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire, ndipo otsalawo anatsikira kumudzi kwa Chibisa, ku Chikwawa. Pamenepo anakhala m'masiku a njala yoopsa ndi nkhondo za ogula akapolo, naika m'manda anzawo awiri, Mbusa Scudamore ndi Dotolo Dickinson, mu 1863, ndipo chaka chomwecho anachoka m'chigwamo.

Mu 1875 amishoni a Livingstonia anadzera njira yomweyo ndi sitima yawo ya Ilala. Pofika pa mathithi anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu mazana ambiri amene anasonkhanitsidwa ndi mafumu a Amakololo a ku Chikwawa anaisenza pamutu kufikira kumtunda kumene madzi ayenda bwino. Chaka chotsatira anadutsa a Mishoni ya Blantyre. Anthu a ku Scotland amenewa anachoka kwawo chitangotha chitsitsimutso chachikulu cha 1873 ndi 1874, chimene chinatsogoleredwa ndi mlaliki Dwight Moody ndi woimba Ira Sankey a ku America. Chotero m'mabokosi mwawo munali nyimbo za mtundu wa Sankey, ndipo zambiri mwa izo zinapekedwa ndi mayi wakhungu wa ku New York, Fanny Crosby, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1820 kufikira 1915 napeka nyimbo ngati 8,000. Pamene South Africa General Mission inamanga ku Lulwe mu 1900, ndi pambuyo pake ku Chididi, m'mapiri a ku Nsanje, nyimbo za mtundu womwewo zinamvekanso kumeneko. Buku la Nyimbo za Mulungu, limene mishoni zingapo zinagwirizana kulisindikiza mu 1916, linadzala ndi nyimbo zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi.

Chovuta cha Nyimbo Yomasulira

Palibe angakane kuti nyimbo zomasulirazo zatonthoza anthu ambiri pamaliro ndi pamatenda, ndipo pali mwambi wonena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma wophunzira chilankhulo ayenera kuona zovuta zinayi zimene omasulira anakomana nazo.

Choyamba ndi kutalika kwa mawu. Zinthu zimene Mngerezi azitchula ndi phatikizo limodzi, Mchewa kapena Mmang'anja azitchula ndi maphatikizo atatu, monga Mulungu, chikondi ndi chisomo. Ndipo liwu lakuti chipulumutso lili ndi maphatikizo asanu. Popeza maimbidwe anali oikika kale, womasulira anakakamizika kudula mawu kuti akwane, ndiye chifukwa chake m'mabuku a nyimbo mupezeka Mlungu m'malo mwa Mulungu, ndi timizere tambiri tosonyeza malembo ochotsedwa.

Chachiwiri ndi malo amene liwu litsamira. Polankhula Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndilo litalikitsidwa, makamaka pothera chiganizo. Koma mizere yambiri ya nyimbo za Chingerezi itha ndi mphamvu pa phatikizo lomaliza. Tsono woimba aumirizidwa kukoka lembo la liwu lotsiriza, mosiyana ndi m'mene amayi wake anamphunzitsira kulankhula.

Chachitatu ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. M'zilankhulo za kuno tanthauzo litsata kamvekedwe: mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika zilembedwa chimodzimodzi, koma khutu lizisiyanitsa. Wopeka nyimbo ya pamtondo kapena ya pabwato atsata kamvekedwe ka mawu osaganizirapo nkomwe, pamene maimbidwe obwereka akwera pamene mawu afuna kutsika.

Chachinayi ndi kamangidwe ka nyimbo. Nyimbo ya ku Ulaya ili ndi ndime zazitali zimene onse aimba pamodzi akuyang'ana m'buku. Nyimbo ya kuno ili ndi woyambitsa ndi ovomera. Mmodzi aponya, gulu lilandira, ndipo wosadziwa kuwerenga salephera kulowapo.

Zimene Zinachitika ku Ungoni

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo patapita zaka ngati 20 gulu la M'mbelwa linakhazikika pakati pa Atumbuka m'dziko limene litchedwa Mzimba. Anali anthu onyadira nyimbo zawo za ingoma, za nkhondo, za ukwati ndi zotamanda mafumu. Mlaliki woyamba kukhala pakati pawo anali William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale, amene anamva chilankhulo chawo. Iye anamwalira ku Njuyu mu 1886. Mu 1890 anabatizidwa Akhristu oyamba a kumeneko, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, ndipo a Mawelera Tembo ndiwo anakhala mmodzi wa oyamba kuika mawu a Uthenga pa maimbidwe a Chingoni.

Ntchito imeneyi inakula atafika Mbusa Donald Fraser, amene Angoni anawatcha Chisekeseke chifukwa cha nkhope yawo yansangala. Mu 1898 a Fraser anayambitsa ku Ekwendeni misonkhano yaikulu ya masiku angapo, kumene anthu zikwi anali kusonkhana kudzamva Mawu, kubatizidwa ndi kudya Mgonero. Mu 1902 anamanga mishoni ya Loudon, imene itchedwanso Embangweni. Chinthu chimene anachita chosiyana ndi amishoni ambiri a masiku amenewo ndi ichi: anakhazikitsa mpikisano wa kupeka nyimbo. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo anali kubwera ndi nyimbo zatsopano, naziimba pamaso pa anthu. Zokoma zinali kuphunzitsidwa kwa msonkhano wonse, ndipo anthu pobwerera kwawo anali kuzinyamula pakamwa kufikira kumidzi yakutali. Zimene zinakhazikika zinalowa m'buku. Mwa njira iyi munatuluka opeka nyimbo monga Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula, ndipo buku la Chitumbuka la Sumu za Ukristu linafika pokhala ndi nyimbo zoposa 100 zopekedwa ndi eni dziko.

Ubwana ndi Uphunzitsi

A Chinula anabadwa mu 1885 m'dziko la M'mbelwa, m'masiku amene Angoni anali asanalowe pansi pa Boma la Angerezi, pakuti analowa mu 1904. Anayamba sukulu m'masukulu a Mishoni ya Livingstonia a kwawo komweko, napitiriza ku Overtoun Institution ku Khondowe, sukulu yaikulu imene Dotolo Robert Laws anaitsegula mu 1894. Atatsiriza anakhala mphunzitsi ku Loudon, pansi pa a Fraser. Ichi nchofunika kuchikumbukira: munthu amene dziko limdziwa monga wopeka nyimbo anayamba monga mphunzitsi wa ana, wodziwa chimene mwana angathe kuloweza ndi chimene chimlemera lilime.

Sanali munthu wa m'kalasi mokha. Pamene bungwe la Mombera Native Association linakhazikitsidwa mu 1920, iwo anali mmodzi wa atsogoleri ake, nalimbikira kuti ufumu waukulu wa Angoni, umene Boma linauchepetsa pochotsa Inkosi Chimtunga mu 1915, ubwezeredwe ulemu wake. Mu 1925 anadzozedwa ubusa, patangopita chaka chimodzi chikhazikitsidwire Mpingo wa C.C.A.P. Chaka chomwecho a Fraser anabwerera ku Scotland. A Chinula anamasuliranso m'Chitumbuka buku lotchuka la John Bunyan, Pilgrim's Progress, lonena za ulendo wa Mkhristu, ndipo ntchito imeneyi isonyeza kuti anadziwa bwino lomwe kusiyana kwa kumasulira ndi kupeka.

Kugwa ndi Kupatuka

Akuluakulu amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mu 1930, atatumikira zaka zisanu zokha, a Chinula anachotsedwa pa ubusa chifukwa cha mlandu wa chigololo. Sanali oyamba kugwa chotero. Mbusa Jonathan Chirwa, mmodzi wa abusa atatu oyamba amene Livingstonia inadzoza mu 1914, anaimitsidwanso pa mlandu wonga womwewo, koma patapita zaka anabwezeredwa pa udindo, a Fraser akuwalankhulira. A Chinula anayembekeza kuti nawonso adzachitiridwa chomwecho. Koma wowalankhulira anali atapita, ndipo khomo la ubusa linakhalabe lotseka.

M'zaka zomwezo abusa ena aluso anali kuwawidwa mtima ndi ulamuliro wa amishoni, amene anachedwa kupereka mphamvu kwa eni dziko. Mbusa Yaphet Mkandawire anapatuka mu 1932, ndipo Mbusa Yesaya Zerenje Mwasi mu 1933. Mu 1934 a Chinula nawonso anayambitsa mpingo wawo, Eklesia Lanangwa, ndiko kuti mpingo waufulu, likulu lake ku Sazu, kumene anayendetsanso sukulu. Mu 1935 atatuwa anaphatikiza mipingo yawo pansi pa dzina lakuti Mpingo wa Afipa wa mu Africa. Pambuyo pake a Chinula analowa m'ndale za dziko lonse, nakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa Nyasaland African Congress, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1944. Atakalamba anabwerera ku C.C.A.P., namwalira mu 1970. Mu 1975 wolemba mbiri D. D. Phiri anasindikiza kabuku ka moyo wawo pakati pa mabuku a Amalawi oyenera kukumbukiridwa.

Mbiri yoona sibisa chilema cha munthu, ndipo mphunzitsi asaphunzitse ana ngati kuti anthu otchuka anali angelo. Koma pali chinthu chodabwitsa m'nkhani imeneyi. Zaka zonse zimene a Chinula anali kunja kwa mpingo umene unawalera, mpingowo sunaleke kuimba nyimbo zawo. Akulu a mpingo anakhoza kumvula munthu mkanjo wa ubusa, koma nyimbo zinali zitalowa kale m'kamwa mwa amayi a kumidzi, ndipo palibe bwalo limene likanazitulutsamo.

Nyimbo Zawo

M'buku la Sumu za Ukristu muli nyimbo 21 za a Chinula. Poyerekeza ndi zikwi za Fanny Crosby, chiwerengerochi chioneka chochepa. Koma kuyerekeza kotere nkosalungama. Mayi uja anali ndi makampani osindikiza amene anali kumlipira pa nyimbo iliyonse ndi kugulitsa mabuku m'maiko ambiri. Mphunzitsi wa ku Loudon analibe wogula. Nyimbo yake inayenera kuyamba yapambana m'makutu a msonkhano isanaone pepala. Chotero nyimbo 21 zosindikizidwa ndizo zimene zinapyola m'sefa ya anthu, ndipo ziika a Chinula pakati pa opeka ochulukitsa a buku limenelo.

Mphamvu ya nyimbo za gulu la ku Loudon ili m'zinthu zomwe zija zimene zinavuta omasulira. Mawu ndi maimbidwe zinabadwa pamodzi, kotero kuti liwu silidulidwa, ndipo kamvekedwe sikapotozedwa. Zambiri zili ndi woyambitsa ndi ovomera. Sizifuna limba la Azungu, pakuti mawu a anthu akwanira. Ziphunzitsa nkhani ya m'Malembo mwa mizere yaifupi yobwerezabwereza, kotero kuti nkhalamba yosadziwa lembo ndi limodzi lomwe ikhoza kusunga mbiri ya masautso a Yesu m'mutu mwake. Yodziwika kopambana mwa nyimbo za a Chinula ndiyo yonena za Mwanawankhosa wa Mulungu wosenza mtanda.

Nyimbo zimenezi zinayendanso ulendo wobwerera. Mu 1959 mayi Helen Taylor anasindikiza kabuku kotchedwa Tunes from Nyasaland, momwe anaika zina mwa izo m'Chingerezi. Mbusa Tom Colvin, amene anatumikira ku Blantyre ndi ku Ghana, anapitiriza ntchitoyo, ndipo buku la nyimbo la Mpingo wa Scotland losindikizidwa mu 2005 lili ndi nyimbo zochokera ku Malawi. Dziko limene linatumiza mabokosi a nyimbo kudzera pa Shire linalandira nyimbo kuchokera kwa adzukulu a anthu amene linadzawaphunzitsa. Kunonso kwathu nyimbozi zinagwira ntchito ina: pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'manyuzipepala mu 1968, kufikira chinabwereranso mu 1994, buku la nyimbo ndi Baibulo zinali pakati pa mabuku ochepa amene ana a kumpoto anaonamo chilankhulo chawo cholembedwa.

Chifukwa Chake Chigwa Chinatsalira

Palibe anganene kuti Amang'anja ndi Asena anasowa luso. Chigwa cha Shire ndicho kwawo kwa valimba, bangwe ndi ng'oma za likhuba. Kuli nyimbo za utse, za opalasa mabwato, za pamtondo, ndi zopempha mvula za ku Khulubvi, kachisi wa Mbona. Kusiyana kunadza ndi zifukwa zina, ndipo zitatu zioneka poyera.

Choyamba, chigwacho chinali njira yopitira, osati malo okhala. Kutentha ndi malungo, pamodzi ndi manda a 1862 ndi 1863, zinachititsa amishoni kuthamangira kumapiri. Sukulu zazikulu zosula aphunzitsi zinamangidwa ku Khondowe, ku Blantyre ndi ku Nkhoma, ndipo m'chigwa simunakhale gulu lalikulu la aphunzitsi ophunzira bwino longa la ku Loudon.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Ngakhale dikishonale yaikulu ya Mbusa David Clement Scott ya 1892 inatchedwa ya Chimang'anja, mabuku a sukulu ndi a tchalitchi anatsata Chinyanja chogwirizanitsa cha Buku Lopatulika la 1922. Anthu ambiri a ku Nsanje, amene makolo awo anachokera ku Zambezi, alankhula Chisena pakhomo. Munthu apeka bwino m'chilankhulo chimene alirira maliro, ndipo Chisena sichinapatsidwe malo m'buku la nyimbo lija.

Chachitatu ndi ng'oma. Ingoma ya Angoni itsamira pa mawu a anthu ndi kuponda kwa mapazi, chotero maimbidwe ake analowa m'tchalitchi popanda mkangano waukulu. Nyimbo za m'chigwa ziyenda ndi ng'oma ndi valimba, ndipo amishoni ambiri anaziona zipangizozi ngati za mowa, za Nyau ndi za mizimu. Potsekera ng'oma kunja, anatsekeranso maimbidwe amene anali kuyenda nayo. Zinthu zinasintha pambuyo pake, makamaka Akatolika atachita msonkhano wawo waukulu ku Vatican kuyambira 1962 kufikira 1965, ndi pamene makwaya a achinyamata ndi a amayi anachuluka m'mipingo yonse.

Ntchito Yotsalira Mphunzitsi

Tsono opeka nyimbo m'chigwa alipo ambiri. Chosowa ndi wolemba. Nyimbo ya kwaya iimbidwa zaka ziwiri kapena zitatu, ifalikira midzi ingapo, kenaka iiwalika pamodzi ndi dzina la mwini wake. Chimene chinapulumutsa nyimbo za a Chinula sichinali luso lokha ayi, koma dongosolo: panali tsiku loziimba, anthu oziweruza, ndi buku lozisunga. Zitatu zonsezi mphunzitsi wa pulayimale akhoza kuzichita ndi kope limodzi ndi pensulo.

Polemba nyimbo, alembe dzina la wopeka, mudzi wake, chaka ndi chilankhulo. Asonyeze mawu a woyambitsa ndi a ovomera padera. Nyimbo ya Chisena ailembe m'Chisena, ya Chimang'anja m'Chimang'anja, osaikonza kuti ifanane ndi Chichewa cha m'buku la sukulu, pakuti kukonza kotero ndiko kuipha. Asalembe kapena kuimbitsa nyimbo za kudambwe ndi za kukachisi popanda chilolezo cha eni ake. Pophunzitsa ana kupeka, ayambe awauza kuti alankhule mawuwo mokweza monga alankhulira kunyumba, namvetsere pamene liwu likwera ndi pamene litsika. Maimbidwe atsate njira yomweyo. Ndipo kumapeto kwa chaka, ana a makalasi onse aimbe zimene apeka pamaso pa makolo awo, Akhristu ndi a zipembedzo zina omwe, yense monga mwa chikhulupiriro cha kwawo.

Anthu a m'chigwa aona zambiri zimene nyimbo za ku New York sizinena: dzuwa lopsereza mapira, ng'ona pa dooko, abale othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, ndi madzi osefukira amene anakokolola midzi mu 2015 ndi mu 2023. M'misasa ya othawa madzi anthu anaimba, ndipo zina mwa nyimbozo zinali zatsopano. Ngati mphunzitsi wa m'mudzimo sazilemba, palibe wina adzabwera kudzazilemba. A Chinula anali mphunzitsi wamba pa sukulu ya mishoni pamene anayamba kupeka, ndipo patapita zaka zoposa 50 chimwalirire, ana a ku Embangweni akali kuimba mawu awo.